Nsalu za mayi, kuchokera ku Kasungu kupita ku Thyolo

Lolemba, Karonga

Sukulu tatsekera Lachisanu, ndipo mawa m'bandakucha ndikukwera basi. Ulendowu si wokaona malo ayi. Mayi anatisiya chaka chatha ku Kasungu, ndipo sutikesi yawo yachitsulo ikadali pansi pa bedi kwa achimwene. Mayi aang'ono ku Thyolo andiimbira kanayi tsopano, kuti katundu wa mkulu wawo abwere kumudzi akagawidwe pamaso pa mbumba, osati azingodyedwa ndi njenjete kwa eni. Achimwene ali kalikiriki ndi fodya, ndiye ntchito yagwera ine. Aphunzitsi anzanga anati ndizilemba zimene ndikuona tsiku ndi tsiku, poti ena mwa iwo sanapitirirepo Jenda. Chabwino, ndiyesa.

Madzulo ano, pochokera kudepoti kofunsa za basi, ndinaima pa raundabauti pamene pamapatukira msewu wa ku Chitipa. Ana amene ndimaphunzitsa amangouona ngati msewu wamba. Ife tinafika kuno kale timakumbukira kuti mtunda wa makilomita pafupifupi 100 umenewo unkadya tsiku lathunthu nthawi ya dzinja, anthu atathinana pa matola, akumatsika kukankha galimoto m'matope. Aliyense wofuna voti ankaulonjeza. A ku Taiwan anayamba kuugwira, kenako kumapeto kwa 2007 a Bingu wa Mutharika anathetsa ubale ndi Taiwan, ubale wa zaka zoposa 40, n'kugwirana chanza ndi China. A Taiwan analongedza, a China anabwera ndi makatapila awo n'kuumaliza. Mlimi wa ku Chitipa sanafunsidwe kuti akufuna bwenzi liti. Anangoona kuti nyemba zake zafika ku Karonga tsiku lomwelo.

Msewu womwewo umadutsa chakufupi ndi Kayelekera, mgodi wa yureniyamu umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itagwa kunja. Masiku amenewo alandilodi apano anatikwezera lendi kuti tipatse malo anthu akumgodi. Mgodi utaima anayamba kutipatsa moni mogwada. Pano wayambiranso ndi eni ena, ndipo alandilodi anga ayamba kale kuyang'ana nyumba yanga ndi diso lija.

Lachiwiri, Mzuzu

Msana wanga ukudandaula. Kuchokera ku Karonga mpaka pa Chiweta dalaivala amayendetsa ngati akusewera phada, kuzemba dzenje ili n'kugwera linalo. Nyanja ili poteropo kumanzere, usipa utayanikidwa pa thandala, koma woyang'ana ndani mutu ukugunda kudenga. Pokwera mapiri tinatsatira thiraki ya malasha kwa theka la ola, tonse tikupumira utsi wake.

Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire amene anakwera pa Uliwa, wa jekete yotuwa ndi kachipewa. Nkhani anaiyamba okha, poloza maenje. Anati iwo anali a AFORD kuyambira pachiyambi penipeni, kuyambira mu Epulo 1992 pamene a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. "Mu 1994 mipando yonse ya kuno kumpoto inali yathu, mwanangu. Yonse." Kenako anayamba kuwerenga pa zala. Chisankho chitangotha AFORD inagwirizana ndi MCP, chipani chomwe chinatsekera mtsogoleri wake. Posakhalitsa inalowa m'boma la UDF, a Chihana n'kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Mu 1996 anatulukamo, koma nduna zawo zina zinakana kutuluka, zinakakamira maudindo. Mu 1999 anaima ndi a Gwanda Chakuamba a MCP. Mu 2003 anabwereranso kwa a Muluzi. Pofika 2004 mipando inatsala 6.

Ndinawafunsa ngati zimawapweteka. Anati kupweteka kumawapweteka, koma a Chihana amawamvetsa, chifukwa m'dziko muno ukakhala kunja kwa boma sungamange ngakhale chimbudzi cha pamsika. Iwo eni ake anavotera a Bingu mu 2009, anayenda nawo pa zionetsero zotsutsa a Bingu omwewo mu 2011, anavotera amayi Joyce Banda mu 2014, kenako a Chilima mu 2019.

"Ndiye inunso mumasinthasintha, bambo," ndinatero.

"Ndimasintha, eya. Koma ine ndikasintha sindilandira galimoto."

Anatsika pa Ekwendeni.

Mu Mzuzu ndagona kwa mnzanga wa ku koleji. Dzuwa lisanalowe tinayenda wapansi mpaka kumanda a Zolozolo, kumene anagona ena mwa anyamata ophedwa pa 20 Julayi 2011. M'dziko lonse anafa anthu pafupifupi 20, ambiri mwa iwo muno mu Mzuzu. Zaka ziwiri zokha zinali zitapita chivotereni a Bingu mwaunyinji anthu akuno. Chinasintha mitima si chinsinsi: mafuta anasowa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo nkhani ya kota posankha ana opita kuyunivesite inawabaya pamtima anthu akumpoto. Pobwerera tinadutsa pa chipatala chachikulu, chija anamanga a Taiwan. Odwala akugonamo mpaka lero, ubale wake unatha kalekale.

Lachitatu, Kasungu

M'Chikangawa tinalowa nkhungu ili bii. Ndili mwana, basi inkayenda m'menemu ngati ili m'phanga, mapaini mbali zonse, fungo la utomoni likulowa pa zenera. Nkhalangoyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, anaikulitsa nthawi ya a Kamuzu kuti idzadyetse fakitale ya mapepala. Fakitaleyo siinamangidwe. Mitengo inakula n'kudikira, mpaka inapeza odula. Lero mtunda wautali ndi zitsa, mapiri ometedwa mpala, apo ndi apo timitengo tatsopano tofika m'chiuno.

Penapake kondakitala analoza kumapiri, osanena kanthu, ndipo m'basi munangoti zii. Aliyense anadziwa. Ndi m'nkhalango muno momwe munagwa ndege pa 10 Juni 2024, n'kupha a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Mnyamata wa kumbuyo kwanga anavula kapusi. Ndinaganiza za njira imene anayenda a Chilima: wachiwiri kwa a Peter Mutharika mu 2014, kutuluka mu DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM, kugwirana manja ndi a Lazarus Chakwera mu 2020, kumangidwa mu 2022 boma lomwelo likulamula, milandu n'kuthetsedwa patangotsala mwezi umodzi kuti amwalire. Maliro atangotha, chipani chawo chinatuluka mumgwirizano wa Tonse. Pa Jenda amayi ogulitsa tomato ndi anyezi anatizinga pa mazenera, phokoso n'kubwerera.

Ndafika kwa achimwene cha m'ma 4 koloko. Alamu anandiphikira nsima ya nkhwani wotendera, ndipo titadya anatulutsa sutikesi ija. Kiyi anasowa, achimwene anathyola loko ndi pulayala.

Pamwamba panali buku la nyimbo, magalasi amaso ndi kathumba ka makadi. Pansi pake nsalu, zopindidwa bwinobwino, timibulu ta mankhwala a njenjete tili pakati. Ndinazitulutsa imodziimodzi n'kuziyala pa mphasa. Ziwiri za a Kamuzu, ina yosuluka moti nkhope ikungooneka ngati chithunzithunzi. Yachikasu ya UDF. Yabuluu ya a Bingu, ya chimanga. Yaolenji ya PP. Yabuluu ina ya a Peter. Ya tambala wakuda ya a Chakwera. Yofiira ya UTM, imene ikuoneka kuti sinalowepo m'madzi. Mphasa inadzaza, alamu anakatenga ina.

Mwana wa achimwene, wa Fomu 3, anaseka mpaka misozi. "Agogo anali a chipani chanji kodi?"

Palibe anamuyankha. Yunifolomu yawo ya Chigwirizano ndi yokhayo imene munalibe m'sutikesimo. Anapita nayo.

Lachinayi, Kasungu

Lero sindinayende. Ndakhala m'chigafa ndi achimwene, iwo akusankha fodya, ine ndikufunsa mafunso.

Makolo athu anabwera kuno m'ma 1970 ngati matenanti, monga anachitira anthu ambiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene malo anatha ndi tiyi. Inali nthawi imene maesiteti a fodya ankamera ngati bowa m'boma lino, kwawo kwa Ngwazi. Akuluakulu a chipani ndi a boma ankapeza malo ndi ngongole, ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, ndipo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale pamunda pake. Bambo ankalima, mwini esiteti ankalemba m'buku chimanga chimene tadya, ndipo pakutha pa chaka ankachotsera. Zaka zina ankabwera kunyumba ndi njinga. Zaka zina ankabwera ndi ngongole.

Kathumba ka makadi kaja n'ka nthawi imeneyo. Makadi a MCP, chaka ndi chaka, ena olembedwa dzina langa ndisanayambe n'kuyenda komwe. Popanda kadi ayufi sankakulola kulowa mumsika kapena kukwera basi. Achimwene akukumbukira mayi akunyamulidwa pa lole ndi amayi anzawo kukavina kwa Ngwazi, kusiya mwana wodwala malungo m'manja mwa neba. Kukana kunalibe. Nsalu ziwiri zoyambazo anagula ndi ndalama zawo.

Yachikasu ndiye inali ndi nkhani. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 dziko linasankha nyali ya zipani zambiri, anthu oposa 60 pa 100 alionse, koma kuno ku Kasungu kunali kwa tambala wa chipani chimodzi. Mayi analandira nsaluyo kwa m'bale wawo amene anabwera nayo kuchokera ku Limbe, ndipo ankaivala m'nyumba mokha, kapena mkati mwa nsalu ina. Obwera amayenera kudziwa polekezera. Achimwene akuti anaivala poyera koyamba a Muluzi atapambana pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, ndipo kudambo kochapa amayi ena sanawayankhule kwa sabata.

Zotsalazo n'zaulere, za pamisonkhano. Galimoto ikabwera ndi zimkuzamawu mayi ankapita, kuvina, kulandira nsalu, nthawi zina ndi kandalama ka sopo. Ine ndinkachita nazo manyazi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amayi, simukuona kuti anthuwa akungokugwiritsani ntchito?" Anandiyang'ana n'kunena kuti nsalu ya mayadi awiri kusitolo ndi ndalama zingati, ndipo ngati ndikufuna asiye ndiziwagulira ineyo. Za amene ankavotera sanatiuzepo, ngakhale bambo sankadziwa. Chimodzi chokha ndikudziwa: a Bingu a teremu yoyamba ankawatchula mwaulemu, chifukwa cha makuponi a fetereza amene anayamba mu 2005, dziko litangotuluka m'njala. Chaka chimenecho nkhokwe yathu inadzaza koyamba.

Kwa achimwenenso ndale ndi fetereza basi. Mu 2020 anadzuka usiku kukaima pamzere kuvotera a Chakwera, ndipo chaka chimenecho anagula thumba pa K4,495. Amatchula nambalayo ngati tsiku lobadwa la mwana wawo. Kenako linafika pa K7,500, kenako K15,000, kenako dzina lawo silinaonekenso pa mndandanda. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo fetereza wa kusitolo anathawira kumwamba. Ndinawafunsa kuti nanga pa 16 Sepitembala 2025 anachonga pati. Anayang'ana kukhomo la chigafa, n'kutsitsa mawu: "Achemwali, kuno zimenezo sitiyankhula mokweza." Ana a mayi awo.

Lachisanu, Lilongwe

Sutikesi ndaimanga ndi chingwe cha linya poti loko uja anathyoka. Kondakitala anafuna kuilipiritsa ngati munthu, tinakangana mpaka anatsitsa.

Ndili ndi tsiku limodzi muno, ndiye nditasiya katundu kwa msuweni wanga ndinakwera minibasi ya ku City Centre. Likulu limeneli a Kamuzu analisamutsa kuchokera ku Zomba mu 1975, ndi ngongole ya boma la azungu la ku South Africa, pamene maiko ena a mu Africa sankafuna n'kupatsana nalo moni komwe. Nyumba ya Malamulo anamanga ndi a China, inatsegulidwa mu 2010. Pafupi pomwepo pali chiliza cha a Kamuzu, chimene anamanga a Bingu, munthu amene anathawa m'dziko muno nthawi ya a Kamuzu omwewo n'kukakhala kunja zaka zambiri. Ndinakhala pa benchi pakati pa ziwirizi n'kudya chimanga chootcha.

M'malamulo aakulu a dziko lino muli Gawo 65, loti phungu akachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'nyumbamo, mpando wake ukhale wopanda munthu. Ndimaphunzitsa ana zimenezi m'kalasi, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana wochenjera wofunsa kuti, "Madamu, nanga bwanji sachotsedwa?" Mu Febuluwale 2005 a Bingu anatuluka mu UDF, chipani chimene chinawalowetsa m'boma, n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu anakhamukira kumeneko ngati ngumbi pa nyali. Mu 2007 khothi lalikulu la apilo linati Gawo 65 ndi lamulo ndithu. Otsutsa anakana kukambirana bajeti mpaka sipikala atachotsa othawawo, othawawo anathamangira kukhothi kukatenga ziletso, miyezi inatha, ndipo anakhalabe pa mipando yawo mpaka chisankho cha 2009.

Za mu Epulo 2012 ndinaziona ndi maso, poti ndinali muno pa tchuthi. A Bingu anamwalira pa 5, amayi Joyce Banda analumbira pa 7. Mayi ameneyu DPP inali itamuchotsa m'chipani, ndipo akuluakulu ena ankanena poyera kuti sangalamulire dziko. Sabata isanathe, galimoto za anthu omwewo zinali pamzere ku Area 12. Mawu ake amakhala omwewomwewo, ngati analoweza pamodzi: anthu akwathu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma lomwe lilipo. Sindinamvepo phungu akunena kuti anthu akwawo amuuza kuti atsale kotsutsa avutike nawo limodzi. Patangotha chaka ndi miyezi, mu Sepitembala 2013, kunaphulika Cashgate pa Capital Hill pomwepa, ndipo mu 2014 olenji uja anayamba kusuluka, anthu n'kumafufuza m'mabokosi malaya awo abuluu.

Ngakhale mbendera inalowa nawo m'gule ameneyu. Mu 2010 anachotsa dzuwa lotuluka n'kuika dzuwa lathunthu loyera, poti akuti tatukuka, kwacha kale. Mu 2012 lotuluka lija linabwerera. Kusukulu kwathu ina ya dzuwa loyera ikadali m'kabati ya ahedi, timaphimbira wailesi.

Ndisanamizire kuti palibe chasintha. Misewu yotakata imene yamangidwa muno zaka zapitazi ndi yokongola, ndipo ndinasochera pamalo pamene ndinkadziwa bwino. Koma wa kabaza amene ananditenga pobwerera anati phula sadya. Anandionetsa pamene ankagona pamzere wa mafuta chaka cha chisankho, usiku wonse, njinga yamoto ili pambali.

Loweruka, Blantyre

Ulendo wa maola asanu watenga asanu ndi anayi. Basi inafera pa Lizulu, ndipo makaniko anachita kuchokera ku Ntcheu. Dzina la kampani sinditchula, mwina mawa adzakonza.

Kuferako kunandipatsa mpata woyenda. M'dera limeneli msewu ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambique, ndipo anthu amaoloka ndi mabeseni a mbatata ya kachewere ndi kabichi osaganizako n'komwe. M'mbali mwa msewuwu mukadali mabwinja a masitolo a nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi anadzaza m'dziko muno. Nthawi imeneyo maiko oyandikana nafe ankaloza chala a Kamuzu kuti akuthandiza Renamo, pomwe asilikali a Malawi ankafa polondera njanji ya ku Nacala kuti Renamo yomweyo isaiphwanye. Dziko lopanda doko limaseka ndi aliyense amene wagwira khomo. A Bingu anayesa kudzitsegulira khomo lawolawo ku Nsanje mu Okutobala 2010, anaitana atsogoleri a maiko ena kudzaona, koma bwato loyamba linagwidwa ku Mozambique, ndipo dokolo likudikirabe.

Pa Nsipe, pamene anaikidwa a Chilima, tinadutsa kukuda kale. Pa Zalewa ndinagona.

Mu Blantyre ndangodutsamo, koma maina okha akukwanira. Msewu waukulu unali Kamuzu Highway, pano ndi Masauko Chipembere Highway, dzina la munthu amene a Kamuzu ankamusaka ngati nyama atagalukira mu 1965. Bwalo la mpira linali Kamuzu Stadium, linakhala Chichiri Stadium nthawi ya a Muluzi, linabwereranso kukhala Kamuzu nthawi ya a Bingu. Choncho msewu wa Chipembere umakakutula pakhomo pa Kamuzu. Oitanira minibasi alibe nazo ntchito, amangoti Limbe, Limbe, m'modzi.

Lamulungu, Thyolo

Tiyi wayamba titangopitirira Bvumbwe, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, wosadulidwa ngati tsitsi la mwana wasukulu. Ndi wokongola kwa wodutsa. Kumudzi kwa mayi, kuseri kwa esiteti, munda wa banja lonse ungathe kuulima m'mawa umodzi. N'chifukwa chake ine ndinabadwira ku Kasungu.

Mayi aang'ono anandilandira ndi maliro, monga mwa mwambo. Tinalira pakhonde, amayi oyandikana nawo anabwera kudzakhala nafe, kenako anandipatsa madzi osamba ndi thobwa. Atsibweni anafika atatuluka m'tchalitchi, ndipo sutikesi inatsegulidwa pabwalo, pansi pa mtengo wa peyala.

Ndinkaopa kuti kuno, kuchimake kwa DPP, nsalu ya tambala idzetsa mawu. Mayi aang'ono anaitola, anaitambasula, anaikoka m'mbali kuti aone kulimba kwake, n'kunena kuti, "Iyi ndi yabwino, siisuluka." Anaipereka kwa mdzukulu wawo amene ali ndi khanda. Yaolenji anati ndi yopyapyala, ikhala yosefera. Zabuluu ziwiri anakanganirana azisuweni anga, osati chifukwa cha nkhope zake koma poti akuti zimagwirizana ndi bulauzi yoyera. Yachikasu anaisunga okha. Anati akuikumbukira, ndi iwo anaigula ku Limbe n'kupatsira munthu wopita ku Kasungu.

Atsibweni ndi amene anayambitsa ndale. Iwo ndi a DPP osabisa, ndipo chigonjetso cha mu 2025 akuchinyadirabe: a Peter anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, munthu yemweyo amene dziko linamuchotsa mu Juni 2020, khothi litafafaniza chisankho cha tipeksi cha 2019. Anati dziko lazindikira kulakwa kwake. Msuweni wanga wina, amene amagulitsa kaunjika ku Luchenza, anawadula mawu mwaulemu. Anati, "Atsibweni, anthu sanalape ayi. Anthu anakwiya ndi mtengo wa chimanga ndi sopo. Awanso akagona tiwadzutsa chimodzimodzi." Atsibweni anati ana a masiku ano mulibe chikhulupiriro. Iye anati chikhulupiriro amasiya kutchalitchi.

Ine ndili mbali ya msuweni wangayo, ngakhale sindinanene pamaso pa atsibweni. Mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025 pulezidenti wokhala pampando wagonja pa voti n'kuchoka. Mayi anabadwira m'dziko limene munthu mmodzi analengezedwa mu 1971 kuti ndi pulezidenti wamuyaya, ndipo anamwalira ataona apulezidenti akulongedza katundu. Kungoti aphungu ndi akuluakulu a zipani amathamanga kuposa voti. Ukamawachotsa pakhomo la kutsogolo umawapeza alowa kale la kuseri, atasintha malaya. Lamulo la 50 kuphatikiza 1 lawonjezeranso msika wa migwirizano, poti aliyense wokhala ndi kachigawo kake ka mavoti amadziwa kuti ali ndi chogulitsa.

Atsibweni anakumbutsa za a Gwanda Chakuamba, kuti ndiye anali katswiri: zaka 13 m'ndende ya a Kamuzu, kutuluka mu 1993, chaka chotsatira n'kuima limodzi ndi a Kamuzu omwewo pa chisankho, kenako chipani chawochawo, kenako nduna ya a Bingu. Onse anaseka, ndipo mkangano unathera pomwepo chifukwa nsima inafika.

Lolemba, Thyolo

M'mawa msuweni wanga ananditenga pa njinga yamoto kukaona ku Ndata. Yunivesite ya sayansi ija ndi yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira, nyumba zake zili ndandanda pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo. Poyamba inkayenera kumangidwa ku Lilongwe, a Bingu anaikokera kumunda kwawo, ndalama zake za ku China. Chapafupi pali Mpumulo wa Bata, pamene anagona eni ake. A Kamuzu anachita chimodzimodzi ndi sukulu yawo ya ku Mtunthama mu 1981. Msuweni wanga anati ndiye muone chifukwa chake anthu amafera kuti pulezidenti akhale wa kwawo. Ana awiri amene ndinawaphunzitsa ku Karonga akuphunzira pamenepa. Ndinafunsa pageti, koma ali pa tchuthi.

Nditabwerera ndinapeza mayi aang'ono akundilongedzera: nthochi, mapeyala, nandolo wouma, ndi ufa pang'ono woti ndikapatse alamu ku Kasungu. Sutikesi akuti itsale, asungiramo mbewu poti makoswe sangaboole chitsulo. Kathumba ka makadi anandipatsa ine, amvekere ndiwe wa sukulu, ukawaonetse ana ako. Pa nsalu zonse ine ndinapempha imodzi yokha, ya a Kamuzu yosuluka ija. Mayi aang'ono anadabwa kuti ndikufuniranji chisanza pamene zatsopano zinalipo. Ndinawauza kuti achimwene akuti ndi imene mayi ankandiberekera.

Nandolo uja anasowa pomuika, thumba la pulasitiki linang'ambika. Mayi aang'ono analowa m'nyumba, anatuluka ndi yofiira ya UTM imene inasowa mwini dzulo, anathira nandolo pakati n'kumanga mfundo ziwiri. Basi ya ku Mzuzu imanyamuka madzulo, ndiye ndiyenera kukhala nditafika ku Limbe isanakwane 2 koloko.